Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsekera Maphunziro a Alimi Oswetsa Mbewu ya Nsomba

 

Inu alimi amene mwamaliza maphunziro lero, masatifiketi amene mulandire masana ano akukupatsani udindo wolemera. Mlimi wa damu limodzi akalakwitsa, amalira yekha. Koma woswetsa mbewu akalakwitsa, amaliza boma lonse, chifukwa tiana ta nsomba tochoka m'manja mwake timakalowa m'madamu a anthu ambirimbiri. N'chifukwa chake ndasankha kuyankhula za matenda a nsomba zing'onozing'ono, ndipo ndikutengerani kutali, kumaiko amene amaweta nsomba m'nyanja yamchere. Anzathuwo analipira kale mtengo wa maphunziro amene ife tingawatenge ulere.

Ku Norway, ulimi woweta nsomba za salmon m'makola a ukonde oyandama panyanja unayamba cha m'ma 1970 pachilumba cha Hitra. Phindu linali lalikulu, alimi anachuluka, makola anathithikana. Zaka khumi zisanathe, kunabuka nthenda yoyambitsidwa ndi mabakiteriya a mtundu wa Vibrio, imene inkapha nsomba nyengo yozizira, ndipo anthu anaitcha dzina la chilumba chomwecho. Akulimbana ndi imeneyo, mu 1985 alimi anaitanitsa tiana ta salmon kuchokera ku Scotland chifukwa mbewu yawo inkaperewera. Tiana timeneto tinabwera ndi nthenda ina, furunculosis, yotulutsa zithupsa ndi zilonda m'thupi la nsomba. M'zaka zochepa inafalikira m'makola mazanamazana, n'kulowanso m'mitsinje momwe munali nsomba zosawetedwa.

Poyamba alimiwo anachita zimene aliyense wa ife amathamangira: kuthira mankhwala m'chakudya. Mu 1987 mokha, anagwiritsa ntchito matani pafupifupi 50 a mankhwala opha mabakiteriya. Nsomba zinkafabe, chifukwa yodwala sidya; mankhwala amadyedwa ndi zamoyo bwinobwino, otsala n'kumira pansi pa nyanja. Mabakiteriya nawo anayamba kupima, mankhwala osagwiranso ntchito.

Chimene chinawapulumutsa ndi kusintha kaganizidwe. Asayansi anapanga katemera, woyamba womiza nsomba m'madzi a mankhwala, kenako, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, wobaya. Lero kansomba kalikonse kamabayidwa katemera kasanapite kunyanja. Boma linalamula kuti malo owetera azitalikirana, kuti nsomba za misinkhu yosiyana zisasakanikirane, ndiponso kuti akakolola, malowo azigonera asanaikemo mbewu ina. Pano Norway imakolola matani opitirira 1 miliyoni a salmon pachaka, koma mankhwala opha mabakiteriya amene imagwiritsa ntchito anatsika ndi magawo oposa 90 pa 100 alionse.

Ndisakunamizeni kuti katemera amathetsa zonse. Dziko la Chile, lachiwiri pa ulimi wa salmon, lili ndi nthenda ya mabakiteriya otchedwa Piscirickettsia salmonis, amene amabisala m'kati mwa maselo a nsomba. Katemera sanaigonjetse kwenikweni, ndipo mpaka pano alimi kumeneko amathira matani mazanamazana a mankhwala chaka ndi chaka. Apa tikuphunzira kuti nthenda ikakhazikika m'madzi, kuichotsa ndi ntchito ya mibadwo.

Nanga n'chifukwa chiyani tiana ta nsomba ndi timene timayamba kugwa? Kansomba kongoswedwa kumene chitetezo cha m'thupi mwake chimakhala chisanakhwime, khungu ndi lopyapyala, ndipo n'kochepa kwambiri moti sungakabaye katemera. M'malo oswetsera nsomba za m'nyanja yamchere, monga ku Greece ndi Turkey komwe amaweta sea bass ndi sea bream, tianato timadyetsedwa tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi totchedwa rotifer ndi Artemia. Tizamoyoto tikaleredwa mwauve, timanyamula mabakiteriya a Vibrio n'kukawatula m'mimba mwa kansomba. Thanki yodzaza madzulo, m'mawa n'kupeza pansi pali mbuu. Ambiri mwa mabakiteriya amenewa amakhala ali m'madzimo kale, osavulaza chilichonse. Amapeza mpata nsomba ikafooka: madzi akatentha, mpweya ukachepa, chakudya chotsala chikamaolera pansi, nsomba zikathithikana, kapena zikasupuka mamba pozigwira ndi pozinyamula.

Wina anganene kuti ife tilibe nyanja yamchere, ndiye izi zikutikhudza pati? Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chambo, makumba, chilunguni ndi mlamba zimene timaweta zili ndi adani akeake a mtundu womwewo. Mabakiteriya a Aeromonas amabweretsa zilonda, kutupa mimba ndi kufiira m'munsi mwa zipsepse. A Streptococcus amakonda madzi otentha. Nsomba imatong'oka maso, n'kumazungulira ngati yapenga. Alimi a m'makola a pa Nyanja ya Kariba ku Siavonga, m'dziko la Zambia, anakumana nawo kale matenda otere. Nafenso tili ndi makola oyandama ku Mangochi, ndipo ulimiwu ukukula.

Tisaiwalenso za 2020, pamene ku Mchinji kunapezeka nthenda ya zilonda za nsomba imene akatswiri amaitcha EUS. Iyo siyambitsidwa ndi mabakiteriya, koma inatisonyeza momwe matenda amayendera. Mtsinje wa Bua umachokera ku Mchinji n'kukathira m'Nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Zimene zachitika m'damu la kumtunda sizithera m'damumo. Zimatsata madzi, ukonde wobwerekana ndi ndowa ya wogula mbewu.

Choncho, alimi anzanga, ndikupempheni zinthu zimene mungayambe mawa lomwe popanda ngongole. Makolo a nsomba muziwatenga kumalo odziwika ndi ovomerezeka, monga ku Domasi ku Zomba kapena ku Bunda, osati kwa aliyense wodutsa ndi chigubu. Nsomba zachilendo muzizisunga pazokha milungu ingapo musanaziphatikize ndi zanu. Damu lililonse likhale ndi ukonde ndi ndowa zakezake, ndipo mukagwiritsa ntchito muziziyanika padzuwa. Mukakolola, phwetsani damu, liume mpaka dothi ling'aluke, muthire laimu. Gaga kapena chakudya cha kusitolo muzipatsa chimene zingamalize. Mbewu muzinyamula m'mamawa kukadali kozizira. Nsomba yakufa ivuulidwe msanga n'kukwiriridwa, osaiponya mu ngalande.

Pali ziwiri zimene ndikufuna kutsindika. Choyamba, musathire makapisozi a anthu kapena mankhwala a nkhuku m'damu chifukwa mnzanu wanena kuti anathandizika. Simudziwa chimene chikupha nsomba zanu. Mwina ndi kuchepa kwa mpweya chabe. Mankhwala othira mwachisawawa amakhwimitsa mabakiteriya, ndipo madzi omwewo ndi amene timathirira ndiwo zamasamba, ana athu n'kumasambamo. Tsiku lina mwana adzadwala, mankhwala a kuchipatala n'kukanika. Chachiwiri, nsomba zikayamba kufa mosadziwika bwino, lekani kugulitsa ndipo uzani mlangizi tsiku lomwelo. Ndikudziwa kuti n'zowawa kubweza wogula atanyamula ndalama m'manja. Koma amene wagulitsa mbewu yodwala wagulitsa dzina lake, ndipo alimi sadzabweranso pakhomo pake.

Kwa inu akuluakulu a boma ndi a sukulu zaukachenjede, mlimi sangauze mlangizi amene samuona. Tikufuna alangizi ofika kumadamu, malo opimira matenda a nsomba amene amapereka zotsatira nsomba zisanathe, ndiponso ndondomeko yoti woswetsa mbewu aliyense akhale m'kaundula. Gogo Chalo ndi mafumu, mawu anu amamveka kuposa chikalata. Boma likaletsa kusamutsa nsomba m'dera limene mwabuka matenda, tithandizeni kuti lamulolo ligwire ntchito.

Ndithokoze aphunzitsi chifukwa cha khama lawo, ndiponso mabanja amene anasamala madamu pamene eni ake anali m'kalasi. Inu omaliza maphunziro, ndakunyadirani, makamaka amayi ndi achinyamata amene mwalowa mu ntchitoyi. Zimene mwaphunzira mukagawireko anzanu a m'makalabu mwanu, chifukwa damu la mnzanu likadwala, lanunso lili pangozi.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa. Mulungu akudalitseni, ndipo muyende bwino.