Mbewa Zothandiza Akatswiri a Mankhwala

Lero tikamba za mbewa.

Inu a ku Chipata, Katete ndi Chadiza mumaidziwa mbewa monga ndiwo ya m'cilimwe. Koma kodi mudziwa kuti kuli mbewa zina, zowetedwa m'nyumba zofufuziramo matenda, zimene zimathandiza akatswiri a mankhwala?

Matenda a Edzi anapezeka muno m'Zambia m'caka ca 1984. Akatswiri a m'maiko ambiri anafuna kanyama koyeserapo mankhwala atsopano asanapatsidwe kwa anthu. Apa panali bvuto: kacirombo ka HIV sikaswana m'thupi la mbewa. Iko kamafuna maselo a m'magazi a munthu ochedwa CD4, amene ali asilikali a thupi.

M'caka ca 1988, Joseph McCune ndi anzake a ku Stanford, m'dziko la America, anatenga mbewa zobadwa zopanda citetezo ca m'thupi, naikamo tizidutswa ta ziwalo za munthu zopanga asilikali aja. Matupi a mbewazo sanatikane. Pamenepo kacirombo kanayamba kuswana, ndipo m'caka ca 1990 iwo anaonetsa kuti mankhwala a AZT amakaletsa m'mbewazo.

Tsono gwirani mfundo ziwiri. Yoyamba, mbewa ya kuchire siingakupatseni HIV. Yaciwiri, mankhwala a ARV amene mnzanu amalandira ku cipatala anayesedwa mosamala. Musamuseke, koma mukumbutseni kumwa tsiku ndi tsiku, pakuti akaleka, kacirombo kamayambanso kuswana.

Aphunzitsi, funsani ana funso ili: cifukwa ninji mbewa wamba sizinathandize akatswiri?