Kampira Kakuda Kapena Maso ndi Maso?

 Ena mwa inu mwakhala mukufunsa za gulu la Freemason, poti anzanu akuntchito akukukokani, ati kumeneko kuli mwambo, kuli ulemu, kuli kukwezana pa bizinesi. Ndiyankha, koma osati ndi mphekesera za m'minibasi ayi. Ndinena zimene eni akewo analemba.

Gulu limeneli linakhazikitsa likulu lake loyamba ku London mu 1717, ndipo mu 1723 m'busa wochokera ku Scotland, James Anderson, anatulutsa buku la malamulo awo. Nthambi iliyonse amaitcha lodge. Mwambo uliko, ndisakunamizeni. Kunja kwa chitseko kumaima mlonda wotchedwa Tyler, lupanga lili m'manja, kuti mlendo asalowe. Mtsogoleri akagogoda kanyundo kake, onse amati zii. Wofuna kulankhula amayamba waimirira. Wosalipira ndalama za umembala nthawi yaitali amachotsedwa. Pamene enanu mapemphero a 9 koloko mumafika 11 koloko, abusa ali mkati molalikira. Pamenepo ndiye akuposani!

Koma mwambo ukakhwima, funsani: ukutumikira yani? Tamverani mmene amalandirira munthu. Mamembala amaponya timipira m'bokosi mwachinsinsi. Koyera ndi kovomera, kakuda ndi kokana. Malamulo a ku England amati takuda tikakwana titatu, munthuyo salowa, ndipo lodge ikhoza kuchepetsa chiwerengerocho. Wokanidwayo sadziwa amene wamukana, sadziwanso chifukwa chake.

Tsopano tsegulani Mateyu 18, ndime 15 mpaka 17. Yesu akuti m'bale akakulakwira, umutsatire wekha, muonane maso ndi maso. Akakana kumva, utenge mmodzi kapena awiri. Akakanabe, nkhani ifike ku mpingo. Cholinga chake n'chiyani? Kumubweza! Munthu wochimwa uja wa pa 1 Akorinto 5 anamutulutsa, koma pa 2 Akorinto 2 Paulo akupempha mpingo kuti wolangidwa akhululukidwe ndi kutonthozedwa, chisoni chingamumize. Mwambo wa Yesu umachitikira poyera, ndipo khomo lobwerera silitsekedwa. Aleluya!

Lamulo lina ndi ili: mu lodge saloleza kukambirana za chipembedzo kapena ndale. Amangofuna ukhulupirire kuti kuli Wamkulukulu, amene iwo amamutcha Mmisiri Wamkulu wa chilengedwe chonse. Iwe wobadwanso mwatsopano, ukakhale pamenepo usiku wonse, wokhala naye pafupi akuvutika mumtima, koma lamulo likukuletsa kumulalikira Yesu. Nanga Machitidwe 4:12 umusiya pakhomo pamodzi ndi Tyler?

Palinso lumbiro. Wolowa kumene amamangidwa nsalu kumaso, n'kulumbira pa buku lopatulika kuti adzasunga zinsinsi zimene sanazimve n'komwe. Kale m'lumbiromo munali mawu a chilango chodulidwa pakhosi, ndipo a ku England anawachotsamo mu 1986. Kawerengeni Mateyu 5:34-37 ndi Yakobo 5:12, muone ngati mwana wa Mulungu akufunika malumbiro otere. Si ife tokha tikunena. Papa Clement XII analetsa Akatolika mu 1738, ndipo mpingo wa Methodist ku Britain unalangiza anthu ake mu 1985 kuti asalowe.

Ndisanatseke, ndiloze chala kuno kwathu. Timipira takuda tilinso m'mipingo. Mayi akuchotsedwa pa udindo, osaitanidwa, osamvedwa, nkhani yagamulidwa pa WhatsApp. Mnyamata akudulidwa, palibe mkulu wa mpingo wokamuyendera. Akulu a mpingo, kumeneko n'kuponya kampira kakuda, Baibulo lili m'khwapa.

Bambo amene mukuitanidwa ku lodge, kanani mwaulemu, musawanyoze, muziwapempherera. Ndipo inu amene muli ndi chifukwa ndi m'bale wanu, musadikire Lamulungu. Mawa m'mawa kagogodeni pakhomo pake. Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.