Liu Lakuti "Coaxial": Tanthauzo Lace ndi Nchito Yace

Madzulo ano tikambe za liu limodzi limene amisiri a magetsi ndi amakanika alichula kawiri-kawiri, ndilo "coaxial". Ambiri agula nthambo ya dzina limeneli m'sitolo, koma tanthauzo lace salidziwa. Ndipo cifukwa ca kusadziwako ena aononga nthambo yabwino, nataya ndalama zao.

Liuli lili ndi mbali ziwiri, zonse zocokera ku Cilatini. "Co" ndiko kunena pamodzi. "Axis" ndiye ekiselo, citsulo cimene gudumu lizungulirapo. Amisiri achulanso coco mzere wongoganizira wopyola pakati peni-peni pa cinthu. Tsono zinthu ziwiri zichedwa coaxial pamene mzere wa pakati pao uli umodzi. Tayang'anani nkoloko: muvi wa maola uyenda pang'ono-pang'ono, wa mphindi ufulumira, koma yonse iwiri izungulira pa mzere umodzi.

Dulani nthambo imene icokera ku dishi kapena ku eriyo kufika ku TV, mudzaona zinthu zinai. Pakati pali waya wa mkuwa, kapena wa citsulo cokutidwa ndi mkuwa. Waya ameneyo azingidwa ndi pulasitiki woyera. Pamwamba pa pulasitiki pali timawaya tolukana ngati dengu. Ndipo kunja kuli cikopa coteteza ku mvula. Timawaya tolukanato ndito mpanda: titsekera mafunde onyamula mau ndi zithunzi m'kati, ndiponso tiletsa phokoso la makina ena a magetsi kuti lisalowe. Koma kuti mafunde ayende bwino, mpata wa pakati pa waya ndi mpanda wace uyenera kukhala wofanana mbali zonse. Nchito ya pulasitiki uja ndiyo imeneyi.

Nzeru iyi si ya dzulo ai. Oliver Heaviside wa ku England analembetsa nthambo yotere mu 1880, ndipo Lloyd Espenschied ndi Herman Affel a ku America anaikonza bwino mu 1929. Mu 1956 nthambo yoyamba ya telefoni yooloka nyanja ya Atlantic inayamba nchito pakati pa Oban ku Scotland ndi Clarenville ku Newfoundland. Inali coaxial, ndipo inanyamula makambirano 35 nthawi imodzi. Masiku ano nthambo za galasi zalanda nchito ya pansi pa nyanja, koma m'nyumba zathu coaxial ikalipo.

Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti mafunde a wailesi sapyola thanthwe. Cifukwa cace migodi yambiri iyala nthambo ya coaxial imene mpanda wace auboola dala mipata, kuti mafunde atuluke ndi kulowa m'njira monse, munthu wa pansi alankhule ndi wa pamwamba. Ndiponso mmisiri akamanga mota ndi pampu, ayesa mosamala kuti mashafuti ao akhale pa mzere umodzi. Akaphonya pang'ono pokha makina anjenjemera, mabeyaring'i atentha ndi kutha msanga; ndipo pampu ikaima, madzi sayembekeza munthu.

Tsono nthambo ya kunyumba kwanu muisamale motere. Musaipinde mwamphamvu pa ngondya, musaiphwanye ndi msomali poikhomera ku cipupa, pakuti mukatero waya wa pakati acoka pa malo pace ndipo cithunzi cionongeka. Poika pulagi, penyani kuti kawaya ka mpanda ngakhale kamodzi kasakhudze waya wa pakati. Ikaduka musapote mawaya ndi kumanga tepi monga ticitira ndi nthambo wamba. Gulani columikizira cace. Tsekani bwino nsonga ya panja dzinja lisanafike, cifukwa madzi akalowa adya mkuwa.