Lole ya magiya a pamanja ndi ya otomatiki: iti ingatifikitse bwino pansi pa mtsetse?

Mawu amene analankhula mnzathu wina, mlimi wa mbatata ndi kabichi, pa msonkhano wa kalabu ya omvera

 

Ine si dalaivala ayi, ndine mlimi. Koma nkhani ya malole ndi yathu tonse, chifukwa mbatata yathu ya kachewere sipita yokha ku msika wa Kwachena ku Tete. Imakwera lole, ndipo nthawi zambiri mwini wake amakwera nayo. Masiku ano pamsewu pali malole amitundu iwiri. Ena ndi a magiya a pamanja, aja dalaivala amaponda kilatchi n'kusintha yekha mudansa. Ena ndi a otomatiki, aja ali ndi zopondera ziwiri zokha, giya imasintha yokha. Mkangano ulipo pakati pathu. Ena akuti otomatiki ndi imfa pa mtsetse chifukwa dalaivala alibe mphamvu pa galimoto. Ena akuti ya pamanja ndiyo yatha anthu. Ndakhala ndikufunsa madalaivala ndi amakanika amene timagwira nawo ntchito nyengo yokolola, ndiye ndati ndikugawireni zimene ndatolera.

Tiyambe ndi msewu wathu. Ulongwe ali pamwamba, mamita opitirira 1,200 kuchokera pamene pali nyanja ya mchere. Mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, sufika ndi mamita 200 omwe. Ndiye kuti lole yonyamuka kuno, kudzera ku Mussacama ndi Moatize, imatsika mamita opitirira 1,000 isanafike. N'chifukwa chake timanyamuka titafunda bulangete, koma pofika thukuta lili kamukamu. Ndipo onani, lole imakwera kuno yopepuka, imatsika yolemedwa. Katundu wa matani 30 ndi matumba 600 a makilo 50. Kulemera konseko kumakankha kumbuyo, kufuna kuthamangira pansi.

Nanga chimagwira kulemera kumeneko n'chiyani? Ambiri timaganiza kuti ndi buleki ya phazi, imene enafe timati travau. Buleki imeneyi imagwira mokhuzana. Nsapato za buleki zimakanikiza chitsulo chozungulira chimene chili mkati mwa tayala. Kukhuzana kumabala moto, monga mmene nkhwangwa imatenthera ukamainola pamwala. Pa mtsetse waufupi palibe vuto. Koma pa mtsetse wautali, phazi likakhala pa buleki osachoka, chitsulo chija chimatentha mpaka kufutukuka, nsapato sizichifikiranso bwino ndipo zimayamba kuterera. Dalaivala akuponda ndi mphamvu zonse, lole ikungopita. Malole ang'onoang'ono ngati Canter ndi Dyna, amene mabuleki ake amayendera mafuta, mafutawo amatha kuwira, phazi n'kungolowa pansi. Malole aakulu mabuleki ake amayendera mpweya wosungidwa m'matanki, ndipo munthu akamapondaponda mwa mantha, mpweyawo umatha msanga kusiyana ndi mmene injini ikuupopera.

Choncho chogwira lole pa mtsetse wautali ndi injini, kudzera m'magiya. Giya ikakhala yotsika, matayala sangathamange popanda kukoka injini, ndipo injiniyo imakaniza. Injini ya dizilo payokha sikaniza kwambiri, ndiye anaiikira zothandizira. Pali buleki ya ekisozi, imene imatseka njira ya utsi. Pali ina ija imalira kuti tatatata lole ikamatsika, imene madalaivala amati Jake. Amakanika amaisimba mbiri yake. Mu 1931 mkulu wina wopanga mainjini ku America, Clessie Cummins, ankatsika phiri la Cajon Pass ndi lole, mabuleki anatentha n'kusiya kugwira, ndipo anangotsala pang'ono kuwomba sitima ya pamtunda. Zimenezo zinamukhala mumtima mpaka anapanga buleki ya mu injini, imene inayamba kugulitsidwa mu 1961. Malole ena ali ndi ritada, imene imakaniza ndi mafuta kumbuyo kwa bokosi la magiya. Koma mfundo imene ndikufuna tiigwire ndi iyi: buleki ya ekisozi ndi Jake sizigwira kanthu ngati lole siili mu giya.

Tsopano tione ya pamanja. Ubwino wake ndi woti giya imene dalaivala waika ndi yomweyo, siisintha yokha. Munthu wodziwa msewu amaika giya yotsika ali pamwamba, n'kutsika nayo mpaka pansi. Madalaivala akale ali ndi lamulo lawo loti giya imene wakwerera phiri ndi yomwe utsikire, kapena yotsikirapo. Ndiponso bokosi la pamanja makanika wa pa boma pano amalidziwa.

Kuipa kwake kuli pawiri. Koyamba ndi kusintha giya pakati pa mtsetse. Dalaivala wayamba kutsika ndi giya yokwera, waona kuti liwiro lachuluka, ndiye akufuna kubwerera pansi. Kuti atero ayenera kutulutsa giya kaye. Pa malole ambiri aakulu, makamaka aja a ku America ngati Freightliner, giya siilowa pokhapokha kuthamanga kwa injini kufanane ndi kwa matayala. Akaphonya kamodzi, giya imangolira kwerr, osalowa. Lole yatsala pa nyutulo, liwiro likukwera, ndipo likamakwera ndi pamene giya ikukanirakanira. Kachiwiri ndi dala. Alipo madalaivala amene amaika pontu mortu pa mtsetse kuti asunge dizilo. Pamenepo injini yasiya kukaniza, ikupopa mpweya pang'onopang'ono, ndipo katundu yense watsamira pa buleki ya phazi yokha.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga chaka china ndikuperekeza matumba anga. Ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala. Titayamba kutsika ndinaona dzanja lake likukankhira chitsulo cha magiya pakati, injini n'kukhala zii. Ndinamufunsa, iye anati ndisadandaule, amatero masiku onse. Pasanapite nthawi fungo la chinthu chopserera linadzaza mkati, anthu akumbuyo akumenya denga. Mwamwayi panali malo athyathyathya ndipo lole inaima movutikira, utsi uli tolotolo m'matayala akumbuyo. Tinakhala pamenepo maola awiri kudikira kuti zizizire, msika wa m'mawa n'kutidutsa. Dizilo amene ankasunga uja sakanagula ndi bokosi la maliro lomwe.

Nanga ya otomatiki? Amakanika akuti m'malole aakulu ambiri, mkati mwake ndi magiya omwe aja ndi kilatchi yomwe ija, kungoti amene amasintha ndi kompyuta. Kampani ya Volvo inayamba kugulitsa bokosi lotere, lotchedwa I-Shift, mu 2001, ndipo Scania ndi Mercedes-Benz alinso ndi awo. Ubwino wake waukulu ndi woti kompyuta siichita mantha ndipo siiphonya giya monga amachitira munthu. Imafananitsa yokha injini ndi matayala. Dalaivala akakoka ndodo ya buleki ya mu injini, malole ambiri otere amatsitsa okha giya kuti injini ikanize mwamphamvu. Manja onse awiri amakhala pa chiwongolero. Kwa mnyamata amene wangoyamba ntchito, kapena munthu amene wayenda usiku wonse atatopa, chimenechi ndi chithandizo chenicheni.

Koma nayonso ili ndi mbuna zake. Kompyuta siikudziwa kuti kuseri kwa kona kuli ana a sukulu kapena ngolo ya ng'ombe. Dalaivala akalola liwiro kuchuluka, kenako n'kupempha giya yotsika, kompyuta imakana poteteza injini kuti isaphulike. Malole ena amafika pokweza okha giya injini ikathamanga mopitirira, ndipo pamenepo lole imamasukiratu. Ena ali ndi kachitidwe kotulutsa giya okha pa mtsetse waung'ono kuti asunge dizilo, ndipo imabwerera dalaivala akagwira buleki. N'chifukwa chake anaikamo batani kapena ndodo ya M, yoti munthu asankhe giya n'kuitsekera pomwepo. Vuto ndi loti malole ambiri otere amabwera kuno atagwira kale ntchito kunja, dalaivala amangopatsidwa makiyi osaphunzitsidwa mabataniwo. Komanso bokosi limeneli limadalira magetsi ndi mpweya. Batire ikafooka, waya akadyeka, kapena mpweya ukamatuluka penapake, limatha kukana kusintha.

Ndiye yabwino ndi iti? Mmene ndaonera ine, ya otomatiki yosamalidwa bwino, ili m'manja mwa munthu woiphunzira, imachotsa ngozi imodzi yaikulu, ya kuphonya giya. Pamenepo yapambana. Koma zonse ziwiri zili ndi lamulo limodzi: giya imasankhidwa pamwamba pa phiri, lole ili pang'onopang'ono. Liwiro likachuluka pakati pa mtsetse, ya pamanja giya siilowa, ya otomatiki kompyuta imakana. Ndipo palibe bokosi la magiya limene lingapulumutse lole yodzaza mopyola muyezo, kapena ya mabuleki akutha.

Amene muli ndi abale ku Joni mwina munamva za pa 5 Sepitembala 2013. Lole yaikulu inalephera kuima potsika mtsetse wa Fields Hill ku Pinetown, pafupi ndi Durban. Inawomba maminibasi anayi pa mphambano, ndipo anthu 24 anafa. Anali anthu wamba obwerera kunyumba madzulo. Kumeneko misewu ina yotsetsereka ili ndi malo amene lole iliyonse yaikulu iyenera kuima kaye isanatsike, ndi tinjira ta miyala yaing'onoing'ono tolowetsamo lole yothawa. Ife sitingawerengere zimenezo. Chotiteteza ndi maso athu ndi pakamwa pathu.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife alimi, chifukwa pa lole ya hayala mawu athu amamveka. Choyamba ndi katundu. Alipo amene amakakamiza dalaivala kuti awonjezere matumba makumi awiri kuti mtengo wa hayala utsike. Matumba 20 a makilo 50 ndi tani yathunthu, ndipo moto wake ukathera ku mabuleki. Tigwirizane m'magulu athu kuti lole ikadzaza, yadzaza.

Chachiwiri ndi changu. Tisamuuze dalaivala kuti thamangani tikapeze msika. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti lole iime umawirikiza kanayi. Ndi bwino kupakira msanga dzuwa lisanalowe kusiyana ndi kukankha munthu pa phiri. Kuthamanga si kufika.

Chachitatu, tisanapakire tifunse. Buleki ya ekisozi ikugwira? Matanki a mpweya mwachotsa madzi lero? Injini ikazimitsidwa timvetsere ngati mpweya ukulira penapake. Alipo amene paipi ya buleki ya tayala limodzi ikaboola amangoipinda n'kuimanga ndi waya, ulendo n'kupitirira. Ndiye kuti matayala otsala akusenza ntchito ya mnzawo ndipo atentha msanga. Ngati lole ndi ya otomatiki, timufunse dalaivala ationetse mmene amatsekera giya potsika. Wodziwa ntchito sakwiya ndi funso lotere, amasangalala kufotokoza.

Chachinayi, tili pa ulendo timvetsere. Lole yotsika bwino injini yake imalira mwamphamvu, ikuyenda pang'onopang'ono, dalaivala akungoponda buleki mwamphamvu kanthawi kochepa n'kusiya kuti izizire. Injini ikakhala chete pa mtsetse, kapena fungo lopserera likamveka, tilankhule nthawi yomweyo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lole ikaima mabuleki atatentha, tisathamange ndi ndowa ya madzi, chifukwa chitsulo chotentha chikathiridwa madzi ozizira chimang'aluka. Tiike miyala kumatayala, tidikire. Nyengo ya mvula nayo ili ndi zake: pa msewu woterera, makamaka lole ikakhala yopanda katundu, buleki ya mu injini ikakokedwa mwamphamvu imatha kutereretsa matayala akumbuyo. Pamenepo mankhwala ndi kuchepetsa liwiro basi.

Chachisanu ndi kukhala pamwamba pa matumba. Ndikudziwa kuti ndalama ya shapa ndi yovuta, ndipo munthu safuna kusiyana ndi katundu wake. Koma lole ikagwa chagada, wapamwamba ndiye amayamba kuponyedwa, matumba n'kumutsatira. Tisankhe munthu mmodzi kapena awiri okhulupirika aperekeze katundu wa gulu atakhala kutsogolo. Amayi a ana kumbuyo, chonde, pamwamba pa katundu ayi.

Inunso amene mumagulitsa tomato ndi makala m'mphepete mwa msewu, musakhazike malonda pansi penipeni pa mtsetse kapena kunja kwa kona, chifukwa lole yothawa imathera pomwepo. Ana oweta ng'ombe tiwauze kuti akamva hutala yosalekeza kuchokera kumtunda, athawire kutali ndi msewu, ng'ombe azisiye.

Pomaliza ndipemphe a wapampando kuti pa msonkhano wotsatira tiitane dalaivala mmodzi wa lole ya pamanja, wina wa otomatiki, ndi makanika, adzatiyankhe pamaso, ndipo zokambiranazo zikamveke pa wailesi kuti anzathu a ku Tsangano ndi ku Domwe amve nawo. Eni malole amene akutimva, mukagula lole ya otomatiki musangopereka makiyi, mphunzitseni munthu wanuyo.