KODI MUNTHU AKAIWALA ZONSE, AKADALI MUNTHU?



Pa Chichewa munthu wankhanza timamunena kuti "uje si munthu," chonsecho miyendo ali nayo iwiri ngati ife. Nanga umunthu umakhala pati? M'thupi, m'nzeru kapena mumtima?

Funsoli tinakomana nalo poyendera odwala. Tinapeza agogo ena amene anaiwala ndi maina a ana ao omwe. Usiku ankatuluka nasokera, m'mawa napezeka pakhomo pa eni. Anthu anayamba kunong'ona kuti agwa pa lichero. Ena anati, "Munthu adatha kale m'menemo."

Amai, amenewa ndi matenda a ubongo. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906. Ndiponso lamulo la 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti m'Malawi muno.

Ife tinawasambitsa ndi kuwaphikira phala. Sanatizindikire ai, koma titayambitsa nyimbo yakale anaimba nafe mpaka kumapeto.

Khanda silidziwa dzina lake, komabe timalibereka kumbuyo. Paja kali kokha n'kanyama. Agogo akaiwala kuti iwo ndani, ife tiziwakumbukira. Tikawataya, otaya umunthu ndife.