THONJE NDI NCHITO ZA ANA ATHU

Mau amene Mlembi wa Nthambi analankhula pa msonkhano wa nthambi yathu ku Mulanje



Lero tadza ndi nkhani ya thonje. Ena mufunsa kuti, "Nanga thonje likutikhudza bwanji ife a dziko la tiyi?" Tamverani. Tiyi amakonda mvula yambiri ya m'tsinde mwa phiri, ndipo minda yake yaikulu si yathu ai. Thonje limakonda kotentha, monga ku chigwa cha Phalombe, chimene chinali mbali ya boma lino kufikira 1998, ndiponso ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima. Ndi mbeu ya mlimi wamba.

Thonje silinadze ndi Azungu. David Livingstone atafika ku Shire mu 1859 anapeza Amang'anja alikulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zao. Pa nthawi ya Atsamunda thonje lathu linkapita ku mafakitale a ku England, ife nkumagula nsalu kusitolo. Makolo athu kuno anagwira thangata kufikira 1962, ndipo m'zaka za m'ma 1950 malamulo a malimidwe anachititsa anthu kuona mlangizi ngati mesenjala wa Boma. Chipsera chake chikalipo: mwana akalephera mayeso timati, "Basi, azikalima." Mau amenewa tiwaleke.

Ulimi wa thonje ufuna mutu. Mlimi adzale ndi mvula yoyamba, apatulire mbeu zikali zazing'ono, napalire msanga, pakuti thonje limakula pang'onopang'ono poyamba ndipo udzu umaligonjetsa. Mdani wamkulu ndi mbozi zoboola zipatso, pamodzi ndi nsabwe zoyamwa masamba. Chifukwa chake mlimi ayendere munda mlungu uli wonse, awerenge tizirombo, napopere mankhwala pamene pafunika, atabvala zodzitetezera. Kuyambira 2019 Boma linalola mbeu yochedwa Bt, imene imadziteteza ku mbozi. Koma dziwani kuti siiletsa nsabwe, ndipo mbeu yake ndi yogula chaka ndi chaka.

Pakapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi zipatso zimaphulika. Tolani mame atauma. Loyera likhale palokha, lodetsedwa palokha, pakuti mitengo yake ndi yosiyana. Musaike m'matumba a feteleza, chifukwa timaluzi ta pulasitiki tikalowa m'thonje timaononga nsalu. Mukatha kutola, zulani mitengo yonse ndi kuitentha, kuti mbozi zisowe pogona. Munthu mmodzi waulesi amasungira mudzi wonse tizirombo.

Kuchoka pamsika thonje limapita ku jinale, kumene makina amalekanitsa njere ndi thonje lenileni. Pa makilogalamu 100 a mlimi, thonje loyera limangotuluka pakati pa 35 ndi 40. Otsalawo ambiri ndi njere. Njerezo sizitayidwa: amayenga mafuta ophikira, ndipo zotsalira zake ndi chakudya cha ng'ombe. Thonje loyeralo amalipanikiza m'mabelo, kenaka kulipota, kuomba nsalu ndi kuika mitundu. Fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967 kuti nchito imeneyi izichitika kwathu, ndipo mu 2003 inagulitsidwa kwa a Mapeto. Komabe thonje lathu lambiri limatuluka kunja lisanapotedwe, ife nkumabvala kaunjika. Belo liri lonse lotuluka chotero limanyamula nchito ya mwana wathu.

Tsopano taonani manja amene afunika pa ulendo umenewu. Pafunika mlangizi. Pafunika katswiri wobereketsa mbeu ndi wodziwa tizirombo, monga a ku Makoka ku Zomba, kumene amafufuza za thonje. Pafunika woyesa magiredi, kalaliki wa sikelo, makaniko wa jinale, woomba nsalu ndi telala. Sukulu zake zilipo: Bunda ndi Natural Resources College, zonse ziri pansi pa LUANAR ku Lilongwe, Mikolongwe ku Chiradzulu kwa ofuna za ziweto, ndipo pafupi pompano ku Mimosa pali malo ofufuzira za tiyi. Khomo lake ndi masamu, sayansi ndi phunziro la ulimi pa mayeso a Folomu 4. Minda yathu kuno yachepa, sitingagawire mwana ali yense. Koma nzeru za ulimi sizifuna ekala. Asungwana nawonso alowe. Amene amapalira kwambiri ndi amai, nanga alekerenji kukhala alangizi?

Chotero nthambi yanu ikupempha zinthu zitatu. Choyamba, olima thonje agulitse pamodzi m'makalabu, kwa ogula okhala ndi chiphaso cha Cotton Council, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la thonje la 2013. Chachiwiri, pa sikelo pakhale mwana wathu wodziwa kuwerenga, ndipo mlimi asachoke wopanda risiti. Chachitatu, makolo musatulutse ana m'sukulu pa nyengo yotola, ngakhale kuwapatsa mpope wa mankhwala.

Mutu umodzi susenza denga. Mafumu athu, tithandizeni kufikitsa mau awa m'midzi yanu. Pa msonkhano wa mwezi wa mawa mudzi uli wonse ubwere ndi maina a ana ofuna maphunziro a ulimi, kuti komiti iwathandize kulemba makalata.