Msonkhano wa Pansi pa Mtengo ndi Msonkhano wa m'Holo

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Kasina, kumapiri a boma la Dedza, dera lozizira kumene anthu amalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Kumeneko, monganso m'maboma ena onse, chaka sichitha popanda misonkhano ya chitukuko. Ina imachitikira pansi pa mtengo pabwalo la anyakwawa, ina m'chipinda cha khonsolo ku Dedza, ndipo ina m'maholo aakulu kumene nthumwi za makhonsolo onse zimakumana. Pali anthu amene amati msonkhano weniweni ndi wa m'holowo, wa pansi pa mtengo nkungotaya nthawi. Koma misonkhano yonseyi ndi chingwe chimodzi, ndipo nsonga ya chingwecho ili kumudzi.

Tsono chingwecho chimayenda motere. Anthu a m'midzi ya gulupu mmodzi amasankha komiti ya chitukuko cha m'mudzi, imene ambiri amaitchula kuti VDC. Komiti imeneyi imaitana anthu kuti anene zosowa zawo, kaya ndi mjigo, kaya mlatho, kaya chipinda chophunziriramo, ndi kugwirizana chimene chiyenera kuyamba. Mfundo zawo zimapita ku komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, yotchedwa ADC. M'boma la Dedza muli madera a mafumu monga Kaphuka, Kachere, Kasumbu, Tambala, Chauma, Chilikumwendo, Kamenyagwaza ndi Kachindamoto, ndipo dera lililonse limabwera ndi mndandanda wake. Ogwira ntchito ku ofesi ya bwanamkubwa amasonkhanitsa mindandanda yonseyo nkukonza ndondomeko ya chitukuko cha boma lonse. Potsiriza, msonkhano wa khonsolo yonse ndiwo umavomereza ndondomekoyo pamodzi ndi ndalama zake.

Apa mpamene pali phunziro. Mlatho umene sudatchulidwe pansi pa mtengo sulembedwa m'buku la VDC. Ukasowa m'bukumo sufika ku ADC, ndipo ku Dedza palibe amene angaulote. Mvula ikadza, mtsinje nkudzaza, mlimi amangoyang'ana matumba ake a mbatata ali tsidya lino pamene galimoto ili tsidya lija, ndipo mayi wodwala amanyamulidwa pamachira kuzungulira njira yakutali. Pamenepo anthu amadandaula kuti boma lawaiwala. Komatu mwana wosalira amafera m'mbereko.

Mwayi wolankhula umenewu sudabwere dzulo, ndipo sudabwere mosavuta. M'chaka cha 1998 dziko la Malaŵi lidakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la maboma aang'ono. Chisankho cha makhansala chidachitika m'mwezi wa Novembala 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichidachitike kufikira pa 20 Meyi 2014. Kwa zaka 9 mipando ya makhansala idali yopanda anthu, ndipo ntchito za makhonsolo zinkayenda popanda osankhidwa ndi anthu oziyang'anira. Kuchokera nthawi imeneyo makhansala asankhidwanso mu 2019 ndi pa 16 Sepitembala 2025. Amene adaona zaka zopanda khansala zija akudziwa kuti chinthu chopezeka movutikira sachisiya padzuwa.

Mu msonkhano wa khonsolo, makhansala ndiwo eni voti. Mafumu aakulu amakhalapo ndi kupereka uphungu, pamodzi ndi anthu oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi olumala, koma iwowa saponya voti. Bwanamkubwa ndi anzake ogwira ntchito za boma amafotokoza za ndalama ndi kuchita zimene khonsolo yagamula. Motero khansala amene wafika mu msonkhano asadayendere anthu ake ali ngati mtumiki wopita kubwalo la milandu wosamva uthenga: amakhala chete, kapena amalankhula za m'mutu mwake.

Nanga misonkhano ya m'holo ija njotani? M'dziko muno muli makhonsolo 28 a maboma, ndipo palinso ena a mizinda ndi matauni. Onsewa ali ndi bungwe lawo lotchedwa MALGA, limene limaitanitsa msonkhano waukulu wa nthumwi zawo. Kumeneko Dedza amakhala pamodzi ndi Chitipa, Nsanje ndi Mchinji, ndipo amapeza kuti matenda awo ndi amodzi: ndalama zochokera ku likulu zimachedwa, zikafika zimakhala zochepa, ndipo misonkho ya m'misika sikwanira kukonza ngakhale misika yomweyo. Khonsolo imodzi ikadandaula yokha, mawu ake amathera m'njira. Zikalankhula zonse pamodzi, likulu limatchera khutu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chitsanzo chake chilipo. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lotchedwa CDF, lidayamba mu 2006, ndipo mu 2010 lamulo lidasinthidwa kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo aziponya nawo voti m'makhonsolo. Bungwe la MALGA lidaona kuti munthu mmodzi sangagwire ndalama nkudziyang'aniranso yekha, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lidatengera nkhaniyo kukhoti, ndipo m'mwezi wa Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti zimenezo zikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mlanduwo udaweruzidwa kutali ndi Kasina, koma funso lake ndi la ku Kasina komwe: ndani ayenera kunena kumene mjigo ukumbidwe?

Makhonsolo amakumananso ndi anzawo a maiko ena. Mu Meyi 2022, atsogoleri a mizinda ndi maboma aang'ono a mu Africa adasonkhana ku Kisumu, m'dziko la Kenya, pa msonkhano wotchedwa Africities. Maulendo otere amadya ndalama, ndipo nkoyenera kuti anthu azifunsa chimene nthumwi zawo zabwera nacho. Nthumwi yabwino ikabwerako imafotokoza zimene yamva, monga amachitira munthu wotumidwa kumaliro akutali.

Kuyambira mu 2022, chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo. Izi zitanthauza kuti zokambirana za ndalama za chaka chotsatira zimagwa m'miyezi ya dzinja, anthu ali pakalikiliki kupalira ndi kubandira. Msonkhano ukaitanidwa nthawi yotere, pamabwera anthu owerengeka, kawirikawiri omwe aja a masiku onse. Mlimi amati tsiku limodzi la kumunda silibwerera. Akunena zoona. Koma msewu wotulutsira zokolola zakezo ukalephera kulembedwa, adikira chaka china chathunthu.

Tsono mfuu ya msonkhano ikamveka, munthu wofunira dera lake zabwino apite atakonzeka. Adziwe chimene akukapempha ndi chifukwa chake, ndiponso chiwerengero cha mabanja amene chidzawathandiza. Aonetsetse kuti mlembi walemba, ndi kuti zolembedwazo zawerengedwa mokweza anthu asanabalalike. Afunse za ntchito zimene zidalonjezedwa chaka chatha: zidatha zingati, ndipo zidadya ndalama zingati? Kufunsa kotere si mwano. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limakhudza makhonsolo omwe. Amayi nawonso asangokhala kumbuyo nkumaombera m'manja, pakuti mtunda wa kumjigo ndi wa kuchipatala amaudziwa ndi iwo. Achinyamata, amene adzawoloke pa milathoyo zaka zambiri, asasiyire nkhalamba zokha.

Kwa anyakwawa ndi magulupu pempho ndi lakuti alengeze misonkhano nthawi ikadalipo, osati madzulo a dzulo lake, ndipo asaiike pa tsiku la msika. Kwa makhansala pempho ndi lakuti abwerere kwa amene adawatuma, ngakhale atabwera chimanjamanja, chifukwa yankho lowawa liposa kukhala chete.

Nthumwi zidzapita ku Dedza, zidzapitanso ku misonkhano yaikulu ya makhonsolo. Chimene zidzanyamule m'zikwama zawo ndi chokhacho chimene anthu a ku Kasina ndi a m'midzi ina yonse adzakhale atanena pansi pa mtengo.